Maere a ngongole, gulu lathu la ku Chitakale

Make Tadala: Apampando, ine tulo sindinatione. Miyezi iwiri yotsatizana pepala lotuluka m'chipewa ndi la amsungichuma? K120,000 yonse kwa iwo, pomwe nanazi wanga akuwolera m'munda kusowa ya galimoto yopita ku Limbe.

Apampando: Mayi, ofuna ngongole munalipo 8, mapepala 8. Aliyense mwayi wake unali 1 mwa 8. Chipewa sichidziwa kuti mwezi watha anapata ndani.

Make Tadala: Anali 9. Ndinawatola pamphasa titabalalika, ndili nawo pampango pano. Awiri ndi a khomo limodzi.

Amsungichuma: Linalo ndi la mwana wanga wa ku Luchenza. Masheya ake ndimamuponyera ndine chiyambireni, m'buku alimo. Lachinayi akanabwera, koma khanda linatentha thupi, minibasi nayo yakwera, ndiye mumafuna ataye malo ake? Ineyo bokosi ndimagona nalo kumutu, wondithokoza palibe.

Aphunzitsi: Ndiye kuti inu munali ndi 2 mwa 9, enafe 1 mwa 9. Komanso atakhala 8, kupata kawiri motsatizana ndi 8 kuchulukitsa ndi 8, kamodzi pa 64.

Alembi: Ayi aphunzitsi, 64 yo ndi ya munthu amene mwamutchuliratu maere onse awiri asanachitike. Kuti wa mwezi watha abwereze ndi 1 mwa 8 basi. Vuto ndi pepala lachisanu ndi chinayilo. Gawo 6 la malamulo a gulu lathu tonse tikulidziwa.

Amsungichuma: Gawo 6 lomwelo linali kuti mu 2023? Namondwe wa Freddy atagwetsa khitchini ya Make Tadala, thumba la zadzidzidzi tinawapatsa popanda maere. Anabweza mochedwa miyezi itatu, chindapusa sitinachione.

Make Tadala: Inali nyumba yogona, osati khitchini! Musandiyambe dala.

Apampando: Ine ndinapinda mapepala 8. Amene akuti 9 akundinena kuti ndine wakuba.

Aphunzitsi: Nanga anagwedeza chipewa ndani? Mapepala ena anali opindidwa mokulirapo, dzanja limamva.

Agogo: Inu, ndowa yanga imene munabwereka tsiku logawana ija sinabwerebe.

Alembi: Agogo, za ndowa Lachinayi. Apampando, tibwereze maere kapena ayi? Ndalamayo ikadalipo?

Amsungichuma: Ndinaodera kale makabichi ku Bvumbwe.

Make Tadala: Apampando, mwawerenga, tikuona. Yankhani.