Thandizeni: injini ikuchedwa kutentha, kasingano kakungokhala pansi

Membala wobisa dzina: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndimanyamuka ku Kaning'ina m'mamawa, kusiya ana kusukulu m'tauni, kudutsa pa Katoto mpaka kuntchito ku Luwinga, koma kasingano ka temperature ka galimoto yanga kali pa C, pozizira pomwepo. Kale pofika pa Katoto kamakhala katafika pakati. Loweruka ndinapita ku Nkhata Bay, potsetsereka kanagweratu pansi, pobwerera pachitunda m'pamene kanadzuka. Mafuta ikumwa koopsa, ndipo petulo mukudziwa mmene wakwerera. Mlamu wanga amaibwereka n'kuibweza yopanda ndi dontho lomwe, ndikadandaula kunyumba akuti ndine wouma mtima. Anyamata otsuka galimoto nawonso anapopera madzi pa injini osandifunsa. Matayala awiri ndangogula pangongole. Kodi ndi chisanu cha June chino, kapena injini ikufa?

Atate ake Junior: Galimoto yanji, injini yanji, ndipo yagwidwapo chiyani posachedwa? Za mlamu mwafotokoza bwino koma izi mwasiya.

Mkulu wa Garaja: THERMOSTAT. Musazungulire. Mwina yafera potsegula, mwina wina anaichotsa. Ntchito yake ndi kutsekera madzi mu injini mpaka atenthe. Ya ma Toyota ambiri imayamba kutsegula pa 82°C, nambalayo imalembedwa pa iyo yomwe. Ikakhala yotsegula nthawi zonse, madzi amazungulira mu radiator kuyambira pomwe mwaliza injini, mphepo n'kumawaziziritsa. Nkhani ya ku Nkhata Bay ndiyo umboni: potsetsereka simukuponda mafuta, injini sikupanga moto wambiri, mphepo ikuwomba radiator mwamphamvu. Thermostat yamoyo imatseka pamenepo, kasingano sikasuntha. Chisanu cha Mzuzu sichingalepheretse injini yabwino kutentha mutayenda mphindi 10 kapena 15.

Dalaivala wa Karonga: Bwana, inu thokozani Mulungu. Injini yozizira siipsa. Thermostat ndi ya ku Japan kogwa chipale, kuno timachotsa. Yesani kukwera Chiweta mu October mutanyamula anthu, mudzaona.

Mkulu wa Garaja: Maganizo amenewa ndi amene akupha mainjini kuno kumpoto! Thermostat ikatsegula yonse, madzi amadutsa mokwanira ngakhale pa Chiweta. Galimoto ikamawira pachitunda, vuto ndi radiator yotsekeka ndi dzimbiri, fani yofooka, cap ya radiator yotha kapena head gasket (gasket yomata mutu wa injini). Mukachotsa thermostat mwangobisa matenda. Tsono injini yozizira kompyuta imaiona ngati yangodzuka kumene, imapitiriza kuthira petulo wambiri. Petulo wotsala amatsuka oilo m'makoma a cylinder, ma ring n'kumadyeka, ma spark plug n'kuda bii. Nthunzi ya madzi siituluka mu oilo. Tsegulani chivindikiro cha oilo, mukapeza phala loyera ngati chambiko kunsi kwake, ndi zimenezo.

Dalaivala wa Karonga: Nanga ikafera potseka uli pakati pa Chikangawa usiku? Mudzabwera kudzandikoka inu?

Mkulu wa Garaja: Ndiye chifukwa chake timati gulani yeniyeni, osati yozula pa injini yakufa. Muiyese musanaike.

Wamagetsi pa Katoto: Musathamangire kumasula mapayipi. Kasingano kamathanso kunama, ndipo mwini wake watchula zopopera madzi pa injini. Yambani ndi fani. M'mamawa injini ili yozizira, AC ndi demister (yochotsa nthunzi pagalasi) zili zozimitsa, lizani. Fani ikayamba kuzungulira nthawi yomweyo, wina anailumikiza direct kuti izizungulira nthawi zonse, kapena relay (switch yoiyatsa ndi kuizimitsa) yakakamira, kapena plug ya sensor yoyeza kutentha kwa madzi yazuka. Magalimoto ambiri akataya sensor imeneyi amayatsa fani osaizimitsa. Kenako ikani scanner, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto, musanalize injini: kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa kuyenera kufanana kapena kusiyana pang'ono, poti galimoto yagona usiku wonse. Mukayenda, madzi afike pakati pa 80 ndi 95°C. Scanner ikati 88 koma kasingano kali pansi, vuto ndi gauge. Ikati 60 mutayenda kuchoka m'tauni mpaka Ekwendeni, injini ikuziziradi. Code ya vuto ikakhalapo pa scanner imakonda kukhala P0128, koma ma ex-Japan ena akale saitulutsa. Sensor ya Toyota pa multimeter imawerenga ma ohm pafupifupi 2,400 pa 20°C, n'kutsika mpaka cha m'ma 300 pa 80°C.

Mkulu wa Garaja: Amagetsi chilichonse kwa inu ndi sensor. Sensor imadziwa bwanji kuti apa ndi potsetsereka, apa ndi pachitunda? Ndipo fani yokha siingaziziritse injini thermostat ili yotseka.

Wamagetsi pa Katoto: Sindikukana, akulu. Koma amene amachotsa thermostat ndi yemweyo amaika fani direct. Akonze zonse ziwiri, apo ayi fan motor idzapsa.

Mayi a Wongani: Achimwene, yosavuta ndi heater. Mukayenda mphindi 20, ikani pa HOT. Ikamatulutsa kamphepo kofunda pang'ono chabe, madzi sakutentha. Musaitenge mopepuka, chifunga cha ku Chikangawa chimafuna demister yotentha, apo ayi galasi limachita nthunzi osaona kutsogolo. Ngati ndi automatic, ma Toyota ambiri salowa giya yomaliza madzi akadali ozizira, injini imangolira pamwamba, mafuta n'kumapita. Mlamu wanu musamunamizire zonse.

Chibavi Boy: Ikani katoni kutsogolo kwa radiator basi, nkhani yatha.

Mkulu wa Garaja: AYI. Mudzaiwala katoniyo, dzuwa lidzatuluka, mudzapsereza gasket pa mzere wa mafuta. Mwini galimoto, yesani ndi dzanja, n'zaulere. Lizani injini yozizira, gwirani payipi yakumwamba ya radiator, zala kutali ndi fani ndi lamba. Iyenera kukhala yozizira kwa kanthawi, kenako n'kutentha mwadzidzidzi. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira mphindi ziwiri zoyamba, madzi akudutsa.

Atate ake Junior: Pamenepo mpofunika kudziwa injini. Mwachitsanzo, pa injini ya Toyota ya 1NZ thermostat ili kolowera madzi, pa payipi yakunsi. Yakumwamba imatha kufunda pang'ono pafupi ndi injini ngakhale zonse zili bwino. Agwirenso yakunsi ndi thupi la radiator. Mwini post, mwapita kuti?

Anaphiri Spares: Ndipo mumathira chiyani mu radiator? Madzi a pampopi okhaokha amabweretsa dzimbiri, dzimbiri limagwira thermostat n'kuikanikiza potsegula, limadyanso mapiko a water pump. Thirani coolant. Ya concentrate sakanizani theka ndi theka ndi madzi a distilled, yosakaniza kale musaonjezere madzi. Yofiira ndi yobiriwira musaphatikize musanatsuke. Cap ikhale ya nambala ya pressure yomwe inalipo, kaya 0.9 kaya 1.1.

Membala wobisa dzina: Pepani, bundle inatha. Ndi Corolla ya 1NZ, automatic. Heater ikungofunda pang'ono. Fani ikulira ndikangotembenuza kiyi, ndimayesa ndi mmene zimakhalira. Mu February inawira, ndinasinthitsa radiator pa garaja ina. Anandipatsa kachitsulo kokhala ndi spring m'kajumbo, akuti n'kosafunika. Kali mu boot.

Mkulu wa Garaja: Mwaona! Mwatiyendetsa tsiku lonse ndi nkhani ya mlamu ndi matayala, thermostat ili mu boot! Musaibwezere musanaiyese. Imangeni ndi kawaya, ilendewere m'poto wa madzi osakhudza pansi, ikani pambaula. Ikhale yotseka madzi ali ozizira, iyambe kutsegula cha pa 80 mpaka 84°C. Kuno ku Mzuzu madzi amawira cha pa 96°C chifukwa tili pamwamba, pofika pamenepo ikhale itatsegula pafupifupi mamilimita 8. Mukaivuula itseke yokha. Koma ine ndikuti gulani yatsopano ya 82°C ndi rabala yake. Poika, injini izizire kaye, musatsegule cap ili yotentha. Khetserani coolant m'beseni, masulani ma nati awiri a 10 pa housing ya payipi yakunsi. Spring iloze ku injini, kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera kakhale kumwamba kuti mpweya utuluke. Ma nati musamange mwankhanza, ma stud ake ndi aang'ono. Dzazani pang'onopang'ono, heater pa HOT, cap yotsegula, injini ilire mpaka thovu lithe ndipo mapayipi onse awiri atenthe. Mawa lake m'mamawa onjezerani. Oilo musinthenso, wamwa petulo miyezi inayi.

Wamagetsi pa Katoto: Ndipo waya wa direct achotsedwe, relay ibwerere m'malo mwake. Muimirire pomwepo mpaka muone fani ikuyaka yokha n'kuzima yokha.

Atate ake Junior: Funso lina palibe walifunsa: inawiriranji mu February? Ngati inali radiator yokha, zili bwino. Koma mukabwezera thermostat, yang'anirani sabata yoyamba. Madzi akamachepa popanda podontha, thovu likamatuluka osaleka pakamwa pa radiator, kapena payipi ikamauma gwa injini itangolira, kayezetseni head gasket musanapite ulendo wautali.

Dalaivala wa Karonga: Ikadzawira pa Chiweta mudzandikumbuka.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Nanga thermostat yeniyeni ndingaisiyanitse bwanji ndi yabodza?