Marathon yoyamba: kukonzekera m'dzuwa la Tete ndi dongosolo la tsiku la mpikisano

wa_ku_Matundo

Moni nonse abale anga. Ndalembetsa marathon ya makilomita 42 ku Blantyre ndipo kwatsala milungu 18. Panopa ndimathamanga makilomita pafupifupi 30 pa mlungu, ndipo makilomita 21 ndimamaliza m'maola 2 ndi mphindi 5. Ndimakhala mumzinda wa Tete, ndiye dzuwa la kuno mukulidziwa kale. Milungu imeneyi ndiigawe bwanji? Ndizimwa ndi kudya chiyani panjira? Nanga ulendo wodutsa malire ndi m'mawa wa mpikisano ndikonze motani?

Mphunzitsi_Ulongwe

Achimwene, poyambira panu mpabwino. Nthawi yanu ya makilomita 21 muichulukitse kawiri, muwonjezerepo mphindi 20, mupeza maola 4 ndi theka. Cholinga chikhale chimenecho, kutanthauza mphindi 6 ndi masekondi 24 pa kilomita iliyonse. Wina akakuuzani kuti mulondole maola 4, musamumvere ulendo uno.

Muzithamanga kanayi pa mlungu. Lachiwiri makilomita 8 mofatsa, mwakuti mukhoza kucheza ndi mnzanu osachita wefuwefu. Lachinayi makilomita 10, asanu apakatiwo pa liwiro la mpikisano lija. Loweruka makilomita 6 mofatsa ndithu. Lamulungu ndilo tsiku la mtunda wautali, ndipo marathon imaphikidwa pamenepo. Makilomita a Lamulungu aziyenda chonchi: 16, 18, 20, 14, kenako 20, 22, 24, 16, kenako 24, 26, 28, 18, kenako 28, 22, 30, milungu iwiri yotsatira 20 ndi 13, mlungu wa 18 ndiwo mpikisano. Mwaona kuti mlungu wachinayi uliwonse mtunda ukutsika. Musaulumphe. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha ya kuchidendene zimachedwa, choncho munthu amadzimva wamphamvu pamene msongolo wayamba kale kuwonongeka.

Mtunda wautaliwo muziuthamanga pa mphindi 7 pa kilomita kapena kuchedwerapo, ndipo usapitirire maola atatu ndi theka. Nthawiyo ikakwana muli pa makilomita 28, imani pomwepo. Zowonjezerazo zingokudyerani masiku opuma. Makilomita 42 onse sathamangidwa pokonzekera.

Blantyre ndi wa zikweza ndi zitsetse, ndiye kuyambira mlungu wachisanu, Lachinayi lina muzilisandutsa la chitunda. Pezani chikweza cha mtunda wa mamita 200 kapena 300, muzikwera kasanu ndi katatu, nkumatsika mothamanga pang'onopang'ono ndi mapazi afupiafupi. Chimene chimapha ntchafu pa marathon ndi kutsika, si kukwera ayi.

Ululu wa minofu mbali zonse ziwiri umene umatha mukatenthetsa thupi ndi wabwinobwino. Koma ukakhala pamalo amodzi pa fupa, woti mungauloze ndi chala, ndipo ukukula mukamathamanga, siyani ndipo mukaonetse kuchipatala.

Namwino_Moatize

Aphunzitsi anena bwino za mtunda, ine ndinene za dzuwa, chifukwa ndondomeko zambiri za pa intaneti zinalembedwera anthu a kumaiko ozizira. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo 5:30 isanakwane dzuwa latuluka kale. Mtunda wautali muziuyamba 4 koloko mbandakucha kapena isanakwane. Madzulo sikuthandiza kwenikweni, chifukwa phula ndi miyala zimakhala zikulavulabe moto wa masana. Kukatentha musaumirire liwiro la pa wotchi. Magazi ambiri amapita kukhungu kukaziziritsa thupi, mtima nkumagunda kwambiri pa liwiro lomwelo, ndiye kuchedwa ndi masekondi 20 kapena 30 pa kilomita si ulesi.

Musapite kutali ndi kunyumba. Sankhani njira yozungulira ya makilomita 5, muike mabotolo pakhomo, muzimwa podutsa. Msewu wa N7 wopita ku Moatize upeweni kukadali mdima. Malole ndi ambiri, fumbinso lake si loti munthu azilikoka ndi mapapo onse maola atatu. Valani malaya owala kuti a galimoto ndi a txopela (njinga zamoto za matayala atatu) azikuonani.

Kuchuluka kwa madzi musakumvere kwa munthu, dziyezeni nokha. Kwerani pasikelo musanavale, thamangani ola limodzi osamwa kanthu, dzipukuteni, mukwerenso. Kilogalamu imodzi imene yatsika ndi lita imodzi ya thukuta. Ambiri pothamanga mimba yawo imalandira pakati pa mamililita 400 ndi 800 pa ola, ndipo simufunika kubweza thukuta lonse muli panjira. Chofunika nchakuti musatsike kupitirira makilogalamu awiri ngati mumalemera 70.

Kumwa mopyola muyeso nako kumapha, ndipo kumagwira makamaka othamanga mofatsa amene amamwa makapu atatu pamalo aliwonse. Madzi okhaokha akachuluka amasungunula mchere wa m'magazi. Zala zimatupa, mutu umapweteka, nseru, kenako kusokonezeka. Mukamaliza mtunda wautali sikelo nkuonetsa kuti mwalemera kuposa poyamba, mwamwa kwambiri.

Chakumwa chopanga nokha: lita imodzi ya madzi, masupuni aakulu asanu a shuga osadzaza mpaka phiri, kota ya supuni yaing'ono ya mchere, ndi ndimu pang'ono kuti chikome. Shuga musawonjezere, chikatsekemera kwambiri chimakhala m'mimba nkuyambitsa kutsegula.

Pa za chakudya, thupi lili ngati nkhokwe imene chimanga chake sichifika pokolola. Shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi amatha cha pa makilomita 30 mpaka 35, ndipo mpamene mumaona anthu amene anali bwinobwino ayamba kukwakwaza miyendo. Mankhwala ake ndi kuyamba kudya njala isanabwere: kuyambira mphindi 40, kenako theka la ola lililonse, kuti pa ola muzilowetsa magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena zakudya zokhutitsa.

Zinthu ziwiri zimene sindinyengerera. Mankhwala oletsa ululu a ibuprofen ndi diclofenac musamwe musanathamange kapena muli panjira. Impso zimakhala zikulandira magazi ochepa kale chifukwa cha thukuta, mankhwalawa amangoonjezera vutolo. Chachiwiri, thupi likatentha kayezetseni malungo, ndipo musathamange mpaka mutamaliza mankhwala ndi kupezanso mphamvu. Mlungu wotayikawo musaubweze pounjika makilomita. Muli panjira mukamva tsemwe dzuwa likuswa mtengo, chizungulire, kapena mnzanu wayamba kulankhula zosamveka ndi kudzandira, imani pamthunzi, mthireni madzi thupi lonse ndipo mufune thandizo msanga.

Kachewere_Tsangano

Bwanji osangobwera kuno kumapiri milungu yomaliza? Mpweya wa ku Angónia umalimbitsa magazi, mukatsikira ku Blantyre muziuluka.

Mphunzitsi_Ulongwe

Pang'ono pokha amwene. Kuti magazi asinthe chifukwa cha kukwera kwa malo pamafunika milungu itatu kapena inayi, komanso malo okwera cha m'ma mamita 2,000, monga kumene amakhala othamanga a ku Kenya ndi Ethiopia. Ulongwe wathu wa ku Angónia safika pamenepo, ndipo Loweruka ndi Lamulungu lokha silisintha kanthu m'magazi. Phindu lenileni la kubwera kuno ndi kuzizira ndi zitunda. Ngati ndalama ya chapa (minibasi) ilipo, mitunda iwiri ija ya 28 ndi 30 adzathamangire kuno. Adzaimaliza bwino, komanso adzalawa mpweya wofanana ndi wa ku Blantyre, amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamene mzinda wa Tete sufika ndi 200 omwe. Dzuwa la ku Tetenso lili ndi mphatso yake: thupi lozolowera kutentha limatuluka thukuta msanga ndipo madzi a m'magazi amachuluka. Zimenezi zidzawathandiza akadzafika kozizirirako.

wa_ku_Matundo

Zikomo kwambiri akuluakulu. Timapaketi ta gel tija kuno sitipezeka kawirikawiri. Ndingagwiritse chiyani? Komanso nsapato za pa calamidade (kaunjika) zingathe ntchitoyi?

Namwino_Moatize

Gel ndi shuga basi, paketi imodzi magalamu 20 mpaka 25. Nthochi imodzi yapakatikati yakupsa bwino ili ndi ofanana nawo. Supuni yaikulu ya uchi ili ndi pafupifupi 17. Thirani masupuni awiri m'kapulasitiki ka freezes, mumange, mudzaboole ndi mano, nkutsirizira ndi madzi. Maswiti ofewa nawonso amagwira ntchito. Mtedza, mandasi ndi zitumbuwa ayi, mafuta amachedwa kugayika. Chilichonse mwasankha muchiyese Lamulungu lililonse kuyambira tsopano, chifukwa mimba nayo imaphunzira.

Nsapato za pa calamidade zilipo zabwino, koma pamwamba pamanyenga. Chimene chimatha ndi siponji ya pansi, imene imafa ikayenda makilomita 500 mpaka 800. Ikanikizeni ndi chala. Ngati yauma gwa kapena ili ndi makwinya ozama m'mbali, isiyeni. Iikeni patebulo muone ngati yapendekera mbali imodzi. Muyese madzulo mapazi atatupa, mutavala sokosi zothamangira, ndipo kutsogolo kutsale malo a chala chachikulu cha dzanja. Yothina ndiyo imadetsa ndi kuzula zikhadabo pa zitsetse. Mugule kutatsala milungu isanu ndi umodzi, ithamange mitunda yaitali iwiri mpikisano usanafike.

Dalaivala_Zobwe

Za ulendo ndiyankhe ine. Ngati mpikisano uli Lamulungu, nyamukani Lachisanu m'mawa, osati Loweruka. Njira ndi ya N7 kudzera ku Moatize mpaka Zóbuè, kudinditsa, kenako Mwanza ndi Blantyre. Mtunda wake si wautali, koma chapa imadikira kudzaza, pachipata pamakhala mzere, ndipo tsidya linalo mukweranso minibasi ina. Miyendo imene yapindidwa tsiku lonse siyenera kuthamanga m'mawa mwake. Pasipoti muione lero lomwe ngati ili ndi masiku okwanira, musadikire mlungu womaliza. Nsapato ndi zovala za mpikisano zikhale m'kachikwama ka pamiyendo, osati pamwamba pa galimoto.

Tengani makwacha a m'manja. M-Pesa ndi e-Mola simulipira nazo kabaza ku Blantyre, kumeneko ndi Airtel Money ndi Mpamba. Masoketi a magetsi ku Malawi ndi a mabowo atatu a makona, pamene machaja athu ndi a timiyendo tiwiri tozungulira, ndiye gulani adaputala, apo ayi wotchi ndi foni zidzagona ndi njala. Nthawi ndi imodzi ndi yathu, wotchi musasinthe.

Malo ogona akhale oti mukhoza kuyenda wapansi kukafika poyambira, chifukwa misewu ina amatseka m'mawa ndipo 4 koloko minibasi sizidalirika. Loweruka m'mawa katengeni nambala yanu, mutanyamula chiphaso ndi umboni wa malipiro. Pomwepo funsani zinthu zinayi: nthawi yoyambira, nthawi imene amatsekera mpikisano, pamene pali madzi, ndi kumene amasungira zikwama. Nthawi zambiri madzi amaikidwa pa makilomita asanu aliwonse, koma a kumbuyo nthawi zina amapeza makapu atha, choncho kabotolo kanu ka m'manja musakasiye. Mukatero bwererani mukagone. Kukazungulira ku Limbe kogula zinthu mudzachite Lolemba.

Masiku awiri omalizawo idyani mpunga, nsima, buledi, mbatata ndi kachewere wophika, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Nyemba, kabichi, tsabola, chipisi ndi kanyenya zidikire. Chakudya chachikulu chikhale cha masana Loweruka, chamadzulo chopepuka cha m'ma 6 koloko. Musanagone manikani nambala pamalaya ndi mapini anayi, dulani zikhadabo, ikani zonse pampando. Tulo tikavuta usiku umenewo musade nkhawa, tofunika ndi ta Lachisanu.

M'mawa idyani kutatsala maola atatu: buledi wa uchi kapena jamu, nthochi ziwiri, tiyi. Imwani theka la lita, kenako muzingonyowetsa kukhosi. Pakani Vaseline m'mphechepeche, m'khwapa ndi pakati pa zala za kumapazi, ndipo nsonga za mabere muzimate ndi pulasitala. Osatero malaya onyowa amazipala mpaka magazi. Malaya a thonje ayi. Fikani poyambira kutatsala ola limodzi kuti mupeze chimbudzi mzere usanatalike.

Mphunzitsi_Ulongwe

Ndiwonjezere za liwiro, poti ambiri amagwera pamenepa. Mfuti ikalira gulu lonse limanyamuka ngati mpikisano wa makilomita 5, ndipo miyendo yopumula imakunamizani kuti mphindi 5 ndi theka nzosavuta. Akulu anati kuthamanga sikufika. Makilomita asanu oyamba muwayende pa mphindi 6:35 pa kilomita, anthu azikupitirirani. Kenako khazikikani pa 6:24. Lembani pakapepala, mukulunge ndi selotepi, mumange pamkono: makilomita 10 pa ola 1:04, theka pa maola 2:15, makilomita 30 pa 3:12, makilomita 40 pa 4:16. Mukatsalira ndi mphindi imodzi kapena ziwiri poyamba musaithamangitse. Koma mukafika pa theka pa 2:05, dziwani kuti ngongoleyo mudzailipira pa kilomita 32.

Dalirani zikwangwani za m'njira kuposa GPS, chifukwa wotchi imawerenga mopitirira pang'ono mukamakhotakhota popitirira anthu. Pa chikweza fupikitsani mapazi, liwiro litsike, mpweya ukhale womwewo. Pamalo a madzi yendani masekondi 20, finyani kukamwa kwa kapu kuti madzi asalowe m'mphuno. Mnofu ukakokana imani pambali, muuwongole pang'onopang'ono, muyende mphindi imodzi, kenako muyambirenso mofatsa.

Namwino_Moatize

Mukadutsa mzere womaliza musakhale pansi nthawi yomweyo. Yendani mphindi 10, chifukwa mukaima mwadzidzidzi magazi amatsalira m'miyendo ndipo mukhoza kukomoka. M'chikwama muikemo malaya ouma, patapata ndi thobwa kapena maheu. Mkodzo ukatuluka wakuda ngati Coca-Cola, kapena osatuluka mpaka madzulo ngakhale mukumwa, pitani kuchipatala konko ku Blantyre, musadikire kufika ku Tete. Chapa yobwerera mukwere Lolemba, ndipo pemphani mpando woti mungatambasule miyendo.