Kernel ikugwa ndikaika zinthu pa list_head mu interrupt

wa_ku_Lobi: Akuluakulu, ndili ndi driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo mu kernel, mtima wa Linux) pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4 yoyeza chinyezi m'madimba a kachewere kuno ku Dedza. Interrupt (chizindikiro cha sensa chodukiza purosesa) ikabwera ndimapempha memory ndi kmalloc() n'kuika zoyezedwazo pa list_head (mndandanda wolumikizana wa mu kernel), kenako read() imazichotsa. Masensa akachuluka pamatuluka "list_add corruption", makina n'kuti zii. Ndiyambire pati?

mlongo_wa_Lizulu: Achimwene, mndandandawo ukugwiridwa ndi manja awiri nthawi imodzi. Interrupt ikuika, read() ikuchotsa, ndipo Pi 4 ili ndi ma core 4, ndiye next ndi prev, zolumikiza mndandandawo kutsogolo ndi kumbuyo, zimasokonekera. Mankhwala achangu ndi loko wa spin_lock_irqsave() mbali zonse ziwiri.

Koma ine ndikanangoutaya mndandandawo. Mu interrupt simungagwiritse GFP_KERNEL pa kmalloc() chifukwa imatha kugona (kuima n'kudikira), ndipo GFP_ATOMIC imakana memory ikachepa. Gwiritsani kfifo, mzere wa mu kernel umene choyamba kulowa chimakhala choyamba kutuluka. Ipangeni kamodzi mu probe(), pamene driver ikulandira chipangizo, ndi kfifo_alloc(); kukula kwake kumakwezedwa kufika pa 256, 512, 1024 ndi zotero. Interrupt ichite kfifo_put(), read() ichite kfifo_to_user(). Woika akakhala mmodzi, wochotsa mmodzi, loko safunika. Masensa akakhala ndi ma interrupt osiyana, oika achuluka, choncho sensa iliyonse ikhale ndi kfifo yake. kfifo_put() ikabweza 0 ndiye kuti yadzaza; muziwerenga zotayikazo, musangozisiya.

wa_ku_Lobi: Zikomo achemwali. Nanga kupeza sensa ndi nambala yake? Pano ndimayenda mndandanda wonse.

bambo_a_Tsangano: Masensa akakhala 8 kapena 10, kuyenda mndandanda kulibe vuto, musadzivutitse. Akafika mazana, tengani XArray yosungira zinthu potengera nambala, ilimo kuyambira Linux 4.20: xa_store() poika, xa_load() pofuna. Msampha uli pochotsa. Mukachita xa_erase() musathamangire kfree(), wina angakhale akuigwiritsabe struct ya sensayo. Owerenga akhale mkati mwa rcu_read_lock(), inu mumasule ndi kfree_rcu().

Thamangitsaninso pahole, chida choonetsa malo otayika mu struct, pa .ko (fayilo ya driver) yanu. Struct ya u8, u64, u8 imadya ma byte 24. Mukatsogoza u64 imatsika kufika 16.

mlongo_wa_Lizulu: Chinanso, ngati masensawo ali pa SPI (njira ya mawaya yolumikizira zipangizo), spi_sync() imagona. Kuwerengako kupite mu thread ya request_threaded_irq(). Poyesa yatsani CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP, CONFIG_PROVE_LOCKING ndi KASAN, zikulozerani pamene pali vuto.