Mayi akunyumba ali ndi miyezi 8, sikelo sanayambe, ndithandizeni

Bambo a Tadala: Abale anga a ku Joni kuno, zandithina. Mayi akunyumba ali ndi pakati pa miyezi 8 koma sikelo sanayambebe, timaopa poti pasipoti yawo inatha. Kuyambira dzulo nkhope ndi manja zatupa, mphete yakanirira pachala, mutu ukuwawa mpaka akuti akuona chimbuuzi. Tikapita kukiliniki satibweza? Tinyamule chiyani?

Nabanda: Chikwama mukanalongedza kale achimwene. Matewera a khanda, zipewa, masokosi, kabulangete, sopo, thaulo, mapadi aakulu aja a amayi ochira, chaja ya foni. Kuno kumazizira, mwana asatuluke m'chipatala ndi nsalu imodzi.

Achimwene a ku Durban: Miyezi 8 osapita kusikelo? Inu obwera kumene mumatichititsa manyazi. Mimba mumadziwa kupereka, kuperekeza mkazi kukiliniki ndiye mantha.

Mayi a Chisomo: Musawakalipire, munthu wabwera ndi vuto. Ine wanga woyamba matenda anandiyamba 2 koloko usiku, bambo ake ali kuntchito yaulonda. Nsupa inasweka ndili pakhomo kudikira galimoto, amene anandigwira dzanja ndi mayi wa ku Zimbabwe woyandikana naye nyumba. Khalani ndi nambala ya woyendetsa amene amadzukadi usiku, ndalama yake muyiike padera, musayikhudze.

Anagama: Bambo a Tadala, siyani za chikwama kaye. Kutupa nkhope ndi manja, mutu waukulu, maso kuchita chimbuuzi, zimenezo n'zizindikiro za kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. BP ikafika 140/90 amati yakwera, ndipo ikalekereredwa mayi amakomoka n'kuyamba kuphupha, moyo wake ndi wa mwana umakhala pachiswe. Pitani kuchipatala lero lomwe. Ngati galimoto palibe imbani ambulansi pa 10177, kapena 112 pafoni yam'manja.

Mjomba: Kutupa n'kwa mimba iliyonse kumeneko, akazi anga anatupa ana onse atatu. Akuti ukatupa kwambiri ndiye kuti ndi wamwamuna.

Anagama: Kutupa mapazi madzulo n'kwina Mjomba, nkhope ndi mutu n'zina. Musasocheretse munthu.

Mjomba: Anamwino a pagulu ayamba. Ine ndili kuno chiyambire 2009, inu munabwera liti?

Jemusi Pulasitala: Koma nkhani yabwino ndi yakuti mwana akabadwira kuno amakhala nzika, makolonso mapepala amatuluka. Ndinamva kwa mnzanga kuntchito.

Nabanda: Bodza limenelo Jemusi. Makolo onse akakhala obwera, mwana sakhala nzika chifukwa chongobadwira kuno. Chimene chilipo n'chakuti mukalembetse kubadwa kwake ku ofesi yaboma ya Home Affairs masiku 30 asanathe, ndipo pepala la umboni wakubadwa lochokera kuchipatala ndi kabuku ka sikelo ya mwana kotchedwa Road to Health muzisunge ngati maso anu.

Achimwene a ku Durban: Nanga zija akuti wopanda mapepala amamulipiritsa asanamugoneke, akachira apolisi akudikira pakhomo?

Mayi a Chisomo: Za apolisi ine sindinazionepo, ndachirira kuno kawiri. Za kulipira, khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula mu Epulo 2023 kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira thandizo laulere m'zipatala zaboma, kaya ndi a dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena ayi. Kunyozedwa kulipo, sindikukana. Ine wina anandifunsa kuti kwanu kulibe zipatala, misozi inalengeza, koma ndinakhala pabenchi pomwepo mpaka anandiyeza.

Esi: Pepani kulowerera, ine ndili ndi miyezi 3. Ndiyambe liti sikelo? Madamu anga sindinawauze, ndikuopa ntchito.

Anagama: Mawa lomwe Esi. Masiku ano amafuna ufikeko ka 8 mimba yonse. Amayeza BP, mkodzo, magazi ndi HIV, amakupatsa mapiritsi oonjezera magazi ndi khadi loti uziyenda nalo kulikonse. Auze akulembetse pa MomConnect, uzilandira malangizo pafoni. Tchuthi cha uchembere mwalamulo ndi miyezi 4. Ndipo zakumwa za m'mabotolo zomwe amati zimafulumizitsa matenda usazilawe, chiberekero chimatha kung'ambika.

Jemusi Pulasitala: Akachira tiuzeni tibwere, akakhala wamwamuna dzina ndi Jemusi, mpeni wa pulasitala ndimugulira ndekha.

Nabanda: Ayi ndithu, nkhani zimenezi zimandikumbutsa mayi anga. Nditachira kuno ndinadzisambitsira ndekha mwana, mchombo usanagwe, ndikulira, iwo akundilangiza pa video call netiweki ikudukaduka. Mdzukulu wawoyo mpaka pano sanamunyamulepo, chaka chachinayi chino.

Mayi a Chisomo: Usatero Nabanda, wandiliza.

Mjomba: Amene akupita kumudzi mwezi uno andiuze, ndili ndi kakatundu.

Anagama: Bambo a Tadala, mwaona uthenga wanga? Wakwiririka m'mwambamu. Mwanyamuka?

Bambo a Tadala: Ndauona mayi, zikomo. Tili m'galimoto, chikwama tachisiya, tangotenga pasipoti yakutha yomweyo. Akuti mwana akusunthabe. Kodi kugeti ndikanene kuti chiyani?

Anagama: Nenani kuti ali ndi miyezi 8, watupa nkhope, mutu ukuwawa, sakuona bwino. Musaime pamzere, pitani kwa namwino mwachindunji. Akayeza BP mutilembere manambala ake.