Mbatatesi yanji yodzala pa allotment kuno ku Leeds?

Anaphiri: Moni nonse a pagulu. Khansolo ya kuno ku Leeds, ku England, yandipatsa theka la puloti pa allotment (timinda tobwereketsa kwa anthu), masikweya mita 125, dothi la makande losachedwa kudikha madzi. Ndikufuna mizere inayi ya mbatatesi, uliwonse wa mamita 6. Kusitolo ndapeza mitundu yambirimbiri, ina yalembedwa first early, ina second early, ina maincrop. Kunyumba timakonda tchipisi ndi yophika yothira tomato. Ndigule iti, yochuluka bwanji? Nanga ya ku supamaketi ikaphuka ingadzalike?

A Banda: Anaphiri, mayina atatuwo akungonena za nthawi yokhwima. First early imakumbidwa pakatha masabata 10 mpaka 12, second early 13 mpaka 15, maincrop imatha kufika masabata 20. Zoyamba ziwirizo n'zodya pompopompo, khungu lake n'lopyapyala ndipo sizisungika. Yoika m'matumba kuti mudye mpaka Khirisimasi ndi maincrop.

Pa mizere inayi ine ndingatere: umodzi wa Rocket kapena Swift (first early), umodzi wa Charlotte (second early), iwiri ya maincrop. Zoyambirira talikitsani masentimita 30 phando ndi phando, 60 mzere ndi mzere, ndiye mzere wanu ulowa mbewu 20. Maincrop imafuna malo, 40 ndi 75, mbewu 15 pamzere. Kathumba ka 2 kg kamakhala ndi mbewu pakati pa 20 ndi 30, moti kamodzi pa mzere uliwonse kakukwanirani. Kwirirani mozama masentimita 12 mpaka 15.

Nangondo: Ya ku supamaketi isiyeni, achemwali. Nthawi zambiri imakhala yothiridwa mankhwala ochedwetsa kuphuka, komanso simungadziwe matenda amene yatenga, ndipo akalowa m'dothi avutitsanso anzanu oyandikana nawo puloti. Gulani yolembedwa certified seed, kutanthauza mbewu yovomerezeka. Yambiri imalimidwa ku Scotland, kumene nsabwe zofalitsa mavairasi zimachepa chifukwa cha kuzizira. Musayesenso kuitanitsa Rosita kapena Violet wa ku Dedza m'sutikesi ya m'bale, lamulo la kuno sililola.

Mukagula mu Febuluwale, iyalani m'mathireyi a mazira, mbali ya maso ambiri iyang'ane kumwamba, pamalo owala koma ozizira. Pakatha masabata 4 mpaka 6 mphukira zikhale zazifupi, zonenepa, masentimita 2 kapena 3. Zikatuluka zazitali zoyera ngati ulusi ndiye kuti mwaisunga mumdima kapena pafupi ndi hita, zimathyoka podzala.

A Mbewe: Pa tchipisi aliyense akuuzani Maris Piper, ndipo n'zoona, ndi imene imakazingidwa m'mashopu ambiri a fish and chips. Koma pa makande onyowa ngati anuwo nkhono zopanda chigoba zija zimaiboola koopsa. Kunja imaoneka bwinobwino ndi kabowo kamodzi, mukaidula m'kati muli mphanga zokhazokha. Kestrel nkhonozi siziikonda kwenikweni. Ndi second early ya maso ofiirira, imakazingika bwino, ndipo mumaikumba chakumayambiriro kwa Ogasiti nkhono zisanachuluke. Mankhwala a nkhono a metaldehyde analetsedwa mu 2022, ogulitsidwa pano ndi a ferric phosphate.

Vuto lalikulu kuposa nkhono ndi chiwawu. Chimabuka kukakhala kofunda ndi chinyezi: masiku awiri otsatizana kutentha kosatsika pansi pa madigiri 10, chinyezi cha 90 peresenti kwa maola 6 tsiku lililonse. Kuno zimenezi zimachitika kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti. Masamba amachita mawanga abulauni m'mphepete, kunsi kwake tinkhungu toyera, sabata isanathe mzere wonse wapsa. Dithane amene timapopera kumudzi kuno sagulitsidwa kwa alimi a timinda, choncho chitetezo chanu ndi mtundu umene mwasankha. Sarpo Mira, yochokera ku Hungary, imalimba kwambiri ku chiwawu. Kuipa kwake siidziwa kusiya kukula: mukaileka mpaka Okutobala imatupa zibuluma zaphako pakati. Dulani mitengo yake mu Seputembala, dikirani masabata awiri khungu likhwime, kenako kumbani.

Anaphiri: Zikomo kwambiri nonse. Ndiye Maris Piper ndiisiyiretu? Nanga yophika ndi tomato ija, iti imene siphwanyika mumphika?

A Banda: Yosaphwanyika ndi Charlotte, ya chikasu m'kati, yolimba ngati phula. Sarpo Mira ndi Maris Piper n'zaufa, mukazibwatitsa nthawi yaitali zimasanduka phala. Desiree, yofiira khungu, ili pakatikati, imaphikika komanso kukazingika. Maris Piper dzalani mzere umodzi ngati mwaikonda, bola muikumbe Seputembala asanathe. Iyo ndi Desiree zimachita nkhanambo pakhungu dothi likauma pamene zikuyamba kuika, kapena ngati munathira laimu. Nkhanamboyo imangoipitsa maonekedwe, mukasenda mumadya.

Nangondo: Musathamangire kudzala poona a ku London ayamba pakati pa Malichi. Kuno ku Yorkshire dothi la makande limachedwa kufunda, mbewu imangoolera pansi. Yambani kumayambiriro kwa Epulo, maincrop chakumapeto kwake. Chisanu chimatha kugwa mpaka pakati pa Meyi, ndiye mukamva kuti usiku kuzizira kwambiri, kwirirani timitengoto ndi dothi kapena nsalu ya fleece. Ikafika masentimita 20 kwezerani dothi ngati mukubandira chimanga. Mbatatesi yoonekera padzuwa imabiriwira ndipo yobiriwirayo sidyedwa. Pa makande pangani mizere yokwera ngati ya kwathu, madzi azitsikira m'khwawa. Afunseninso oyandikana nawo kuti amene analipo kale ankadzala mbatatesi mbali iti, inu mudzale kwina, ndipo musabwerezepo pasanathe zaka zitatu.