Python ikukana kulumikizana ndi Cassandra magetsi akazima ku Limbe

wa_ku_Chilomoni:

Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina yopikulitsa katundu kuno ku Blantyre. Tili ndi nthambi zitatu, ku Limbe, ku Ginnery Corner ndi ku Chirimba. Amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere anaika database ya Apache Cassandra pa makina atatu, nthambi iliyonse ake, olumikizana kudzera pa VPN. Ine ndinalemba kapulogalamu ka pa web ka Python (Flask) komwe ogulitsa amalembamo malonda, ndipo kamafika ku database kudzera mu cassandra-driver ya Python.

Magetsi akangozima ku Limbe, zonse zimaima. Anzanga a ku Chirimba amayamba kulemba malisiti pamanja, ine pa log ndikungoona error ya NoHostAvailable, kutanthauza kuti palibe makina omwe ayankha. Chonsecho nodetool status imasonyeza UN (akugwira ntchito) pa makina awiri enawo, DN (agwa) ndi a ku Limbe okha. Nanga makina atatu tikuwasungiranji? Mu function iliyonse yofuna data ndinalemba chonchi:

cluster = Cluster(['10.0.1.5'])
session = cluster.connect('sitolo')

Komanso ngakhale magetsi alipo, tsamba limatenga nthawi kuti litseguke.

Nangozo_dev:

Achimwene, adilesi imene mwaikayo ndi ya makina a ku Limbe, si choncho? Ndiye vuto lili pomwepo.

Driver imagwiritsa ntchito adilesi imeneyo polowera basi. Ikalowa, imawerenga table ya system.peers n'kudziwa makina ena onse, ndipo kuchokera pamenepo amodzi akagwa imapita kwa enawo yokha. Koma inu mukupanga Cluster yatsopano pa request iliyonse, ndiye nthawi zonse imayamba osadziwa kalikonse. Imagogoda khomo la ku Limbe lokha, pakapanda woyankha imabwerera. Kuchedwa kwa tsamba kukuchokeranso pomwepo, chifukwa kulumikiza ndi ntchito yolemera: imatsegula ma connection ku makina onse n'kukokanso schema yonse, ndiye pa VPN ya kuno mukudziwa nokha.

Ikani maadilesi onse atatu mu list, ndipo Cluster ndi session zipangidwe kamodzi pulogalamu ikamadzuka. Session imodzi imakwanira ma thread onse. Ngati mukuyendetsa Flask ndi seva ya gunicorn samalani, musalumikize isanadzigawe kukhala ma worker angapo (fork), apo ayi ma worker adzangoti zii osayankha. Lumikizani mu post_fork kuti worker aliyense akhale ndi yake. Onaninso kuti port 9042 ndi yotsegula pa makina onse atatu, chifukwa ena amatsegula pa amodzi n'kuiwala enawo. Ma query obwerezabwereza muwapange ndi session.prepare kamodzi kokha.

kaka_wa_ku_Ndirande:

Zomwe anena achemwali pamwambapa ndi zoona, koma musasangalale msanga. Lowani mu cqlsh mulembe DESCRIBE KEYSPACE sitolo, muone replication_factor, chiwerengero cha makope a data. Ikakhala 1, mzere uliwonse wa data uli pa makina amodzi okha. Mudzalumikiza bwinobwino, koma Limbe ikazima katundu wina adzangosowa pamndandanda ndipo error idzangosintha dzina.

Ikwezeni ifike 3 kuti makina onse akhale ndi zonse. Kenako consistency, kutanthauza makina angati ayankhe driver isanakhutire. Driver ya Python mukapanda kuiuza kanthu imagwiritsa ntchito LOCAL_ONE, kutanthauza kuti makina amodzi akayankha, yakhutira. Pa nkhani ya ndalama ine sindingalole zimenezo. Ikani QUORUM polemba ndi powerenga pomwe. Pa makope atatu QUORUM ndi awiri, ndiye nthambi imodzi itha kuzima ntchito n'kumapitirira, ndipo chomwe mwalemba mudzachipeza powerenga. Zikazima ziwiri, basi, malisiti apamanja aja.

Chinanso chomwe chimatipweteka ife a kuno: makina akazima, anzawo amawasungira zomwe aphonya, zotchedwa hints, koma kwa maola 3 okha ngati simunasinthe mu cassandra.yaml. Inu mukudziwa kuti magetsi athu sawerenga maola. Akazima kupitirira pamenepo muyenera kuyendetsa nodetool repair kuti makope afanane. Mawotchi a makina onse azigwirizananso kudzera pa NTP, chifukwa zolemba ziwiri zikawombana Cassandra imatenga yomwe ili ndi nthawi yatsopano.

mdala_wa_SQL:

Ine funso langa ndi lina. Masitolo atatu akufuniranji Cassandra? Chinthuchi chinapangidwa ku Facebook, anachitulutsa poyera mu 2008, ndipo anachipangira mauthenga a anthu mamiliyoni. Inu mukuwerenga mabelo a shuga.

Taganizani, kwatsala belo limodzi, wa ku Limbe ndi wa ku Chirimba agulitsa nthawi imodzi. Onse awerenga 1, onse alemba 0, makasitomala awiri alipira. QUORUM siletsa zimenezo. Mudzafunika UPDATE yokhala ndi IF, imene imadutsa mu Paxos, njira yoti makina ayambe agwirizana, maulendo angapo pakati pa makina, pa VPN yomweyo. PostgreSQL pa makina amodzi okhala ndi inverter yabwino, PostgreSQL ina yoyembekezera pambali, driver ya psycopg ku Python, mukanagona tulo.

wa_ku_Chilomoni:

Zikomo nonse. Ndayang'ana, ndi SimpleStrategy, replication_factor 1 ndithu. Za session ndakonza kale ndipo tsamba likutseguka msanga. A mdala, ndamva, koma abwana sangavomere kusamutsa database malonda a Khirisimasi ali pafupi chonchi. Katundu aliyense amagulitsidwa pa nthambi yomwe ali, ndiye za belo limodzi zija sizitipeza kawirikawiri. Kodi replication ndingaikweze masana anthu akugulitsa?

kaka_wa_ku_Ndirande:

Ayi aise, dikirani atseke. Mukangopanga ALTER KEYSPACE, makina amayamba kufunsidwa data yomwe sanalandirebe, ndiye ogulitsa adzaona ngati katundu wasowa mpaka repair ithe. Pangani Loweruka madzulo, yambani ndi nodetool snapshot, kenako nodetool repair -full pa makina amodzi, akatha mupite kwa ena. Ndipo jenereta ya ku Limbe ikhale ndi mafuta usiku umenewo.