Mababu ndi mapulagi a Wi-Fi akusokonekera magetsi akathima n'kuyakanso: ndiyambire pati?

Anaphiri_Chitakale

Moni nonse. Ndikupempha malangizo kwa inu amene munaikapo m'nyumba zanu magetsi ndi zipangizo zoyendetsedwa ndi foni, makamaka amene mukukhala m'madera a mvula yambiri ngati kwathu kuno ku Mulanje. Nyumba yathu ili kufupi ndi Chitakale, ndi ya njerwa zootcha ndi denga la malata, ndipo kuseri kwake kuli kanyumba ka alendo pamodzi ndi thanki ya madzi imene timaidzaza ndi pampu yamagetsi. Intaneti timaipeza pa rauta ya 4G yolowetsa SIM khadi, imene imakhala pabalaza kuseri kwa TV.

Mwana wanga amene akugwira ntchito ku Johannesburg anatitumizira mababu 6, mapulagi 3 ndi makamera 2, zonse za Wi-Fi, ndipo titangozilumikiza zinkagwira ntchito bwino. Vuto limayamba magetsi akathima n'kuyakanso. Mababu ena amayamba kuphethira mofulumira ndipo pafoni saonekanso, moti ndimachita kuwalowetsanso mu pulogalamu limodzilimodzi ngati ndangowagula kumene. Bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta, sindingathe kuthimitsa babu pafoni ngakhale nditaima pansi pake penipeni. Pulagi imene ili ku pampu ndiyo imasowa kawirikawiri, ndipo posachedwapa inalephera kuthimitsa pampu usiku, madzi n'kusefukira bwalo lonse. Bandulo nayonso ikutha msanga kuposa kale. Kodi zipangizozi n'zowonongeka, kapena pali pamene sipanakonzedwe bwino? Ndikufuna kudziwa poyambira ndisanatulutse ndalama zina.

Mbewe_wa_Zamagetsi (Luchenza)

Mayi, mababu anuwo sanawonongeke, ndipo kuphethirako akuchita zimene anawapangira. Babu la Wi-Fi lilibe batani lodina, choncho opanga ake anakonza zoti munthu akaliyatsa ndi kulithimitsa pa swichi ya pakhoma kangapo motsatizana (pa mababu ambiri ndi katatu), babulo liziiwala netiweki imene likuidziwa n'kuyamba kuphethira podikira kulumikizidwa mwatsopano. Tsono magetsi akamabwera pambuyo pothima, nthawi zambiri sakhazikika nthawi yomweyo: amayaka, n'kuthima, n'kuyakanso m'masekondi owerengeka. Babu silingasiyanitse dzanja la munthu pa swichi ndi kuthimathima kotereku, ndiye limafufuta dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake. Ichi n'chifukwa chake tsiku lina mababu onse amabwerera bwinobwino, tsiku lina atatu n'kusowa.

Mankhwala ake ndi kachipangizo koteteza ku magetsi okwera ndi otsika kamene kamaikidwa pa bokosi la mabreka. Kamagwira ntchito mofanana ndi fridge guard imene ambiri tili nayo ku firiji: magetsi akabwera, iko kamadikira kaye mphindi zingapo kuti akhazikike, kenako n'kuwalola kulowa m'nyumba. Mukatero mababu amalandira magetsi kamodzi kokha, osati modukizadukiza. Ntchito imeneyi ndi ya pa bokosi lalikulu, choncho muitane wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, musalole mnyamata aliyense wapamudzi kutsegulapo.

Chachiwiri ndi mpikisano wa pakati pa rauta ndi zipangizo. Pulagi kapena babu limadzuka m'masekondi ochepa, pamene rauta ya 4G imatha mphindi imodzi kapena ziwiri isanayambe kutulutsa Wi-Fi ndi kupeza netiweki. Chipangizo chimene chadzuka msanga chimasaka Wi-Fi n'kuisowa, ndipo ngakhale zambiri zimayesanso, zina zimachedwa kwambiri kapena zimangokhala chete mpaka mutazizula ndi kuzilowetsanso. Njira yabwino ndi yoti rauta isamathime n'komwe. Pali ma UPS (timabokosi ta batire topatsa chipangizo mphamvu magetsi akathima) ang'onoang'ono a 12V opangidwira marauta, ndipo ngati muli ndi sola ndi inveta, rauta ndiyo iyenera kukhala yoyamba kulumikizidwako, TV isanaganiziridwe. Rauta imadya magetsi ochepa, pafupifupi mawati 10. Batire ya 12V 7Ah imasunga mphamvu ya 84 Wh, imene pa pepala ndi maola 8, koma batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna kuti ikhalitse, ndiye muwerengere maola 4. Musanagule, muwerenge kachikalata kamene kamatidwa pansi pa rauta yanu, chifukwa ena amafuna 12V pamene ena amafuna 9V kapena 5V.

Ponena za pulagi ya kuseri, rauta yanu ili pamalo oipa kwambiri. TV ili ndi zitsulo mkati, makoma a njerwa zootcha amadya mphamvu ya Wi-Fi, ndipo malata amaibweza. Muichotse kuseri kwa TV, muikweze pa shelefu pakati pa nyumba. Mudziwenso kuti zipangizo zotere pafupifupi zonse zimangomva Wi-Fi ya 2.4 GHz, osati ya 5 GHz. Ngati rauta yanu imatulutsa zonse ziwiri pa dzina limodzi, mulowe m'makonzedwe ake muzipatse mayina osiyana, zipangizo zonse zikhale pa 2.4 GHz, ndipo tchanelo muchikhazikitse pa 1, 6 kapena 11, chifukwa amenewa ndiwo matchanelo amene salowererana. Pomwepo muonenso chiwerengero cha zipangizo zimene rautayo imalola. Timarauta ta m'thumba tambiri timalekezera pa zipangizo 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo inu muli nazo kale 11 tisanawerenge mafoni a m'nyumbamo.

Nangozo_Thyolo

Bambo Mbewe afotokoza bwino za magetsi, koma ine ndikufuna kukhazikika pa dandaulo lanu lachiwiri, Anaphiri, chifukwa kwa ine ndilo lalikulu. Mukadina batani pafoni, lamulo lanu silipita ku babu mwachindunji. Limadutsa pa intaneti kupita ku makompyuta a kampani imene inapanga pulogalamuyo, amene ali kunja kwa dziko lino, kenako n'kubwerera kudzera pa rauta yanu kufika ku babu limene lili pamwamba pa mutu wanu. Zipangizo zimenezi anazikonzera mayiko amene intaneti ya m'nyumba siitha ndiponso siiduka. Kwa ife amene timagula bandulo ndipo netiweki imagwa mvula ikakula, nyumba yotere imakhala yopanda mwini nthawi imene mukuifunitsitsa.

Chimene ine ndinachita kwathu ndi kuika ubongo wa zonsezi m'nyumba momwemo. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Home Assistant, imene inayamba mu 2013, ndipo imayenda pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kapena pa laputopu yakale. Malamulo onse, monga akuti magetsi apanja ayake dzuwa likalowa ndi kuthima m'mawa, amasungidwa m'menemo ndipo amagwira ntchito ngakhale bandulo itatha, bola rauta ikhale yoyaka kuti zipangizo zizimvana, ndipo zipangizozo zikhale za mtundu wolola kulamulidwa popanda intaneti. Laputopu yakale ili ndi ubwino woti batire yake ndi UPS kale. Amene musankhe Raspberry Pi musadalire kakhadi kosungira mafayilo ka SD, chifukwa magetsi akathima kakompyutako kali mkati molemba, kakhadiko kamawonongeka ndipo mumataya zonse zimene munakonza. Chosungira mafayilo cha mtundu wa SSD ndicho chimapirirako bwino.

Mukadzafuna kuwonjezera zipangizo, muganizire za Zigbee, njira ina yolumikizira zipangizo popanda waya, m'malo mwa Wi-Fi. Zipangizo za Zigbee sizilowa pa rauta, zimalankhula ndi kandodo ka USB kamene mumalowetsa pa kompyuta ija, ndipo chilichonse cholumikizidwa ku magetsi chimalandira uthenga n'kuupatsira chinzake, monga mmene anthu amapatsirana njerwa pamzere pomanga tchalitchi. Motero pulagi imodzi pakhonde lakuseri ikhoza kufikitsa uthenga ku kanyumba ka alendo kumene Wi-Fi siifika. Zinthu ziwiri zofunika kusamala ndi izi. Zigbee nayonso imayenda pa 2.4 GHz, choncho tchanelo chake chitalikirane ndi cha Wi-Fi. Ngati Wi-Fi ili pa 1, Zigbee muiike pa 25. Komanso kandodo kaja musakalowetse pa kompyuta mwachindunji, mukaike pa chingwe cha USB chotalika mita imodzi, chifukwa madoko a USB 3 amatulutsa phokoso losokoneza mafunde amenewa. Pa mabokosi ena muona chizindikiro cha Matter, umene ndi mgwirizano wa makampani umene unatuluka mu 2022 kuti zipangizo za makampani osiyanasiyana zizimvana, ndipo zimenezo zimatha kulamulidwa m'nyumba popanda intaneti.

Ine sindikonda mababu anzeru m'nyumba ya anthu ambiri, chifukwa mwana kapena mlendo akathimitsa swichi ya pakhoma, babulo lafa ndipo foni siingalidzutse. Kuli bwino kukhala ndi mababu wamba n'kuika kachipangizo kuseri kwa swichi, kuti dzanja ndi foni zonse zizigwira ntchito, ngakhale kuti tizipangizo tambiri timafuna waya wa nyutralo (wobwerera magetsi) umene m'nyumba zambiri sufika pa swichi.

Za bandulo, akukudyerani ndi makamera. Kamera imene ikutumiza zithunzi pa liwiro la 1 Mbps imadya pafupifupi 450 MB pa ola, kutanthauza kupitirira 10 GB pa tsiku ngati ikutumiza osalekeza. Muike memore khadi m'kamera iliyonse kuti izisunga momwemo, muthimitse zosunga zithunzi pa intaneti, ndipo muwauze a ku Johannesburg kuti nthawi iliyonse imene atsegula kamera kuti aone kumudzi, bandulo imene ikutha ndi yanu.

Gama_Limbuli

Achemwali a ku Thyolo, zimene mwanenazo n'zoona, koma Home Assistant imafuna munthu woisamalira, woti pulogalamu ikasintha kapena ikakana kudzuka akhale pansi n'kufufuza. Ngati m'nyumba mwa Anaphiri mulibe munthu wotero, tidzakhala tawachotsera vuto limodzi n'kuwasenzetsa lina. Ine nkhawa yanga ili pa pampu, ndipo ndikupempha kuti pulagi imeneyo ichotsedwe lero lomwe.

Pulagi yolembedwa 10A imanyamula mawati 2,300 pa magetsi athu a 230V, koma chiwerengero chimenecho ndi cha zinthu monga ketulo. Pampu ili ndi mota, ndipo mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa amene imadya ikamayenda. Tizitsulo ta mkati mwa pulagi timapsa pang'onopang'ono mpaka timamatirirana, ndipo zikatero pafoni pamaoneka kuti pampu yathima pamene ikupopabe. N'kutheka kuti usiku umene madzi anasefukira, Wi-Fi inalibe mlandu. Onjezani apo kuti mapulagi a ku South Africa ali ndi mano atatu ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano afulati, ndiye muli ndi adaputala pakati. Muizule muione: ngati pulasitiki yozungulira mano yasanduka yofiirira kapena ikununkha kupsa, moto unali pafupi.

Pampu iziyatsidwa ndi kontakita, imene ndi swichi yamphamvu yopangidwira mamota, ndipo chipangizo cha foni chizingolamula kontakitayo. Mu thanki muikemo swichi yoyandama imene imadula magetsi madzi akadzaza, chifukwa imeneyo siidikira netiweki kapena bandulo. Zonsezi zikhale m'bokosi losalowa madzi la IP65, mawaya alowere pansi osati pamwamba, ndipo mabowo otsala atsekedwe, poti chinyezi cha chiperoni ndi nyerere zimawononga zipangizo zambiri kuno kuposa mvula yeniyeniyo. Wina akakuuzani kuti mukoke chingwe cha netiweki kuchokera m'nyumba kupita ku kanyumba ka alendo, n'zotheka, popeza chingwe cha Cat6 chimafika mamita 100, koma kuno kutsinde kwa phiri mphenzi ndi zambiri, ndipo waya wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri amatha kutenga mphamvu ya mphenzi yogwa chapatali n'kutentha rauta ndi zonse zolumikizidwa nayo. Chingwecho chidutse pansi m'paipi, chikhale ndi zoteteza kumapeto onse awiri, ndipo waya wa nyumba wopita m'nthaka ayezedwe kaye.

Anaphiri_Chitakale

Zikomo kwambiri nonse. Adaputala ya ku pampu ndaizula, ndipo dzino limodzi lada ndithu monga mwanenera, Bambo Gama. Rauta ndaisamutsira pa kabati ya m'khonde la pakati. Ndalama zimene ndili nazo panopa sizingakwanire zonse, ndipo za Home Assistant ndidikira mwana wanga akadzabwera pa Khirisimasi kuti adzaone ngati angathe kumaisamalira ali kutali. Bambo Mbewe, pakati pa UPS ya rauta ndi choteteza cha pa bokosi la mabreka, ndiyambe ndi chiti?

Mbewe_wa_Zamagetsi (Luchenza)

Musanagule ziwirizo, Mayi, yambani ndi swichi yoyandama ndi kontakita, chifukwa pamenepo pali ngozi ya moto ndi ya kupsa kwa pampu, ndipo padakali pano muziyatsa pampuyo ndi dzanja. Kenako choteteza cha pa bokosi, popeza chimatetezanso firiji ndi TV, ndipo chidzaletsa mababu kuiwala netiweki. UPS ibwere pambuyo pake. Ikadzafika, muiyese motere: masana, muthimitse breka yaikulu, muone ngati magetsi a pa rauta akuyakabe, mudikire mphindi zisanu, muyatsenso, kenako muwerenge pafoni zipangizo zimene zabwerera zokha. Chimene sichinabwerere muchilembe dzina ndi chipinda chimene chili, ndipo mutiuze pano pamodzi ndi mtundu wa rauta yanu. Mwana wanu mumuuziretu kuti pa intaneti ya SIM khadi nthawi zambiri makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi ya IP, choncho kutsegula madoko pa rauta (kulola wa kunja kulowa kudzera pa intaneti) sikudzamuthandiza kufika pa Home Assistant ali ku Johannesburg. Adzafunika pulogalamu yolumikiza zipangizo zotalikirana motetezeka, monga Tailscale, yoikidwa pa kompyuta ya m'nyumba ndi pafoni yake.